Diso nalo lili ndi wotchi yake

Mayi wina wa m'bungwe lathu adafika pakhomo panga Loweruka lina dzuwa litapendeka, atamanga kabotolo ka mankhwala odontheza m'maso pa nsonga ya chitenje. Dzina lake ndi mphakati wake sinditchula. Miyezi inayi m'mbuyomo adaamupeza ndi nthenda ya glaucoma, ndipo tsopano adali atangobwera kuchipatala kumene adamuuza kuti diso silikusonyeza kusintha.

"Anamwino, ine mankhwalawa sindinyozera ayi. Onani, botolo latsala pang'ono kutha," adatero.

Nditamufunsa nthawi imene amathira, adati, "Ndikakumbukira." Tsiku lina amathira masana pobwera kudimba, tsiku lina pogona. Akaiwala m'mawa, usiku amathira kawiri motsatizana kuti abweze ngongole. Mayiyu sadali waulesi. Palibe adaamufotokozera kuti diso silikhala chimodzimodzi usana ndi usiku, ndipo dontho lomwelo limagwira ntchito mosiyana malinga ndi ola limene lagwera m'diso. Ndidaona kuti nkhaniyi ndiyofunika kwa tonse, makamaka inu amayi anzanga amene mumayendera odwala ndi okalamba m'miphakati.

Wotchi ili mu ubongo, koma woikonza ndi diso

Pakati pa ubongo, pamwamba pang'ono pa malo pamene mitsempha yochokera ku maso awiri imapingasana, pali kagulu ka maselo pafupifupi 20,000. Kaguluka ndiye wotchi yaikulu ya thupi. Ndi kamene kamachititsa kuti tulo tibwere usiku, thupi lizizire pang'ono kum'bandakucha, ndi kuti munthu adzuke tambala asanalire ngakhale palibe womugwedeza. Mu 2017 anthu atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, adalandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchi yotereyi imayendera m'kati mwa selo. Ntchito yawo adaichita pa tintchentche tija timaunjikana pa mango owola. Zidadziwika kuti si ubongo wokha: chiwindi, mtima, khungu ndi diso lomwe zili ndi timawotchi tawotawo, ndipo tonse timamvera wotchi yaikulu ija.

Wotchi imeneyi ili ndi chilema chimodzi. Ikasiyidwa yokha, kwa anthu ambiri tsiku lake limapitirira pang'ono maola 24. Choncho imafunika kukonzedwa m'mawa uliwonse, ndipo choikonza chachikulu ndi kuwala kolowa m'diso.

Ife tili pa sukulu ya unamwino tidaphunzira kuti kumbuyo kwa diso kuli kansalu kotchedwa retina, komwe kali ndi maselo a mitundu iwiri olandira kuwala: ena oonera masana ndi mitundu ya zinthu, ena oonera mu kamdima. Mu 2002 kudatsimikizika kuti pali mtundu wachitatu. Maselo amenewa ntchito yawo yaikulu si kuona nkhope kapena zilembo ayi, koma kuuza ubongo kuti kunja kwacha kapena kwada. Amamva kwambiri kuwala kobiriwira ngati thambo. Akaleka kulandira kuwala madzulo, ubongo umatulutsa melatonin, yomwe imauza thupi lonse kuti usiku wafika. Ine ndidayenera kukonza zolemba zanga zophunzitsira nditamva zimenezi, ndipo ophunzira anga amaseka ndikawauza kuti aphunzitsi awo adatsiriza sukulu diso lisanathe kufufuzidwa.

Kuno kwathu dzuwa silitivutitsa pa nkhani ya nthawi. Mu Juni limatuluka itangokwana 6 koloko, mu Novembala cha m'ma 5 koloko, kusiyana kwa ola limodzi lokha. Amene amalawirira kumunda kapena ku Misa ya m'mawa amakonza wotchi yawo osadziwa n'komwe.

Zimene diso limachita m'mawa ndi usiku

Maselo oonera mu kamdima aja amadzikonza tsiku lililonse. Kukangocha amataya nsonga zawo zakutha, maselo ena a kumbuyo kwake n'kuzimeza, pamene kunsi kukumera zatsopano. Pakatha masiku pafupifupi khumi, mbali yonse yolandira kuwala imakhala yatsopano. Kuti maselowa aone amafuna vitamini A. Akasowa, chizindikiro choyamba chimaoneka chisisira: mwana amene masana amathamanga bwinobwino, dzuwa likangolowa amakhala phee pakhonde, akayenda amagunda mtondo, pa chakudya amafufuza mbale ndi manja.

Vuto limeneli chigwa chathu chikulidziwa. Mu 1983 malemu Dr Moses Chirambo, pamodzi ndi anzawo a ku Johns Hopkins University, adayeza maso a anthu m'midzi ya Chikwawa ndi Nsanje. Pa ana oposa 5,000 osakwana zaka zisanu ndi chimodzi, pafupifupi anayi pa 100 alionse adali ndi nthenda ya maso yobwera chifukwa chosowa vitamini A. Lero zinthu zidasintha: ana amalandira vitamini A kusikelo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo kuyambira mu 2012 shuga wa m'dziko muno amathiramo vitaminiyu. Komabe chaka cha njala, kapena madzi akatithamangitsira kumisasa monga adachitira namondwe Freddy mu Marichi 2023, ndiwo zimasowa ndipo vutoli likhoza kubwerera. Mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira m'kati, bonongwe, nkhwani ndi masamba a cham'mwamba, amene kuno timati sangowa, zonsezi zimathandiza, makamaka mukatendera kapena kuthira timafuta. Mayi woyembekezera akayamba kusaona madzulo anene kusikelo. Asamwe timakapisozi ta vitamini A ta ana tija, chifukwa mlingo wake ndi waukulu ndipo ungavulaze mwana ali m'mimba.

Usiku misozi imachepa, ndipo popeza zikope zatseka, galasi la kutsogolo kwa diso limafufuma pang'ono. N'chifukwa chake podzuka timaona mwachimbuuzi ndipo maso amakhala ngati muli mchenga. Zimenezi zimatha zokha pakapita kanthawi. Timanthongo pang'ono si nthenda. Koma zikope zikamatirirana ndi mafinya, pitani kuchipatala, ndipo akakhala khanda la masiku ochepa, pitani tsiku lomwelo, osadikira kuti liyambe latuluka m'chikuta.

Glaucoma ndi maola ake

Tsopano tibwerere kwa mayi uja. M'kati mwa diso, kutsogolo, muli madzi oyera amene sali misozi. Diso limawapanga nthawi zonse, ndipo amatuluka kudzera m'tingalande tating'ono. Tingalandeti tikayamba kutsekeka, madzi amapanikizana ndipo diso limalimba ngati mpira wopopa kwambiri. Kupanikizana kumeneku kumapha pang'onopang'ono mtsempha wotenga zithunzi kupita nazo ku ubongo. Imeneyi ndiyo glaucoma. Mtundu wake wofala kwa ife anthu akuda supweteka, diso silifiira, ndipo kuona kumayamba kutha m'mbali, pakati pakuonekabe bwino. Munthu amazindikira mochedwa, atayamba kugunda mphuthu za zitseko kapena kudzidzimuka ndi njinga yodutsa pambali pake. Imatigwira msanga kuposa azungu, kawirikawiri kuyambira zaka 40, ndipo imayenda m'magazi a banja.

Musaisokoneze ndi ng'ala. Wa ng'ala akachitidwa opaleshoni amaonanso. Chimene glaucoma yatenga sichibwerera. Mankhwala ndi opaleshoni zimangoteteza chimene chatsala.

Kuchipatala amayeza kupanikizana kumeneku ndi kachipangizo, ndipo kwa anthu ambiri nambala yake imakhala pakati pa 10 ndi 21. Koma nambalayi siima malo amodzi. Usiku diso limapanga madzi ochepa, pafupifupi theka la amene limapanga masana. Wina angaganize kuti ndiye kuti usiku diso limapuma. Si choncho. Munthu akagona chogona madzi aja satuluka mosavuta, ndipo kwa anthu ambiri kupanikizana kumafika pachimake pakati pa usiku ndi m'bandakucha. Nthawi yomweyo magazi amakhala akuyenda motsika chifukwa munthu ali m'tulo, ndiye kuti mtsempha uja ukupanikizidwa kwambiri pamene ukulandira magazi ochepa. Mwa wodwala glaucoma kukwera ndi kutsika kumeneku kumakhala kwakukulu kuposa mwa munthu wabwinobwino.

Taganizirani za ulendo wa munthu wochokera kuno ku Muona kupita ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens. Adzuka usikusiku, adutsa msewu wa East Bank mpaka pa Thabwa, akwera mapiri aja, ndipo pomafika kwa dokotala dzuwa lili pamutu. Nambala imene apeze ndi ya masana. Ikhoza kukhala yabwino pamene ya 4 koloko m'bandakucha ndi yoipa. Ndiye chifukwa chake dokotala wa maso sakhutira ndi nambala yokha: amasuzumira mtsempha weniweniwo kumbuyo kwa diso, ndiponso amayeza mmene mukuonera m'mbali. Akakuuzani kuti mupitirize mankhwala ngakhale nambala yatsika, sakukuzunzani. Ine ndimalangiza odwala kupempha kuti m'kabuku ka kuchipatala alembemo ola limene ayezedwa, pambali pa nambalayo. Ndipo tsiku la ulendo thirani mankhwala monga mwa masiku onse. Ena amasiya dala kuti adokotala akaone nthenda yeniyeni, koma chimene adokotala akufuna kuona ndi chakuti mankhwalawo akugwira kapena ayi.

Mankhwala amene mayi uja adali nawo ndi timolol, amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu. Ntchito yake ndi kuchepetsa madzi amene diso likupanga. Popeza diso limapanga madzi ambiri masana, dontho la m'mawa ndilo lili ndi ntchito yaikulu. Usiku, madzi atachepa kale okha, timolol sathandiza kwenikweni. Mayiyu pothira madontho awiri pogona amataya mankhwala pa nthawi imene alibe chogwira, n'kusiya diso lopanda chitetezo usana wonse. Kuwonjezera apo timolol amalowa m'magazi ndipo amachedwetsa kugunda kwa mtima. Akakuuzani kuti kawiri pa tsiku, ndiye kuti m'mawa ndi madzulo, motalikirana maola pafupifupi 12. Amene muli ndi mphumu kapena vuto la mtima, nenani musanalandire mankhwalawa.

Palinso ena, monga latanoprost, amene amatsegula njira yoti madzi atulukire. Amenewa amathira kamodzi kokha, madzulo, ndipo amagwira usiku ndi usana. Kuthira kawiri sikuwonjezera mphamvu yake, kumaichepetsa. Vuto lake kuno ndi kutentha. Botolo losatsegula limafuna furiji, ndipo lotsegula silifuna malo otentha, pamene ife mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira 40. Musalisiye pawindo kapena pafupi ndi malata. Likulungeni m'kapepala ka pulasitiki n'kuliika pansi, pambali pa mtsuko wa madzi akumwa.

Kathiridwe kake nakonso n'kofunika. Dontho limodzi ndi lokwanira. Mukathira tsekani diso, ndipo ndi chala psinjani pang'ono pangodya ya diso ya kufupi ndi mphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Ngati mabotolo ndi awiri, dikirani mphindi zisanu musanathire linalo.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono tokhudza usiku. Kugona chafufumimba nkhope itakanikiza pilo kumapanikiza diso. Kutsamiritsa mutu pamwamba pang'ono kumathandizako. Kugugudiza madzi okwana lita nthawi imodzi kumakweza nambala ija kwa kanthawi. M'nyengo yotentha imwani ndithu madzi ambiri, koma pang'onopang'ono. Amene mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi pogona, muuzeni dokotala wa maso, chifukwa kwa ena magazi amatsika kwambiri usiku. Musasinthe nokha nthawi yomwera. Ndipo chonde, mankhwala odontheza ogula pamsika kapena otsala kwa mnansi asiyeni. Ena mwa iwo amathetsa kuyabwa ndi kufiira msangamsanga, koma akagwiritsidwa ntchito masabata angapo amakweza kupanikizana kwa m'diso. Ndawaonapo achinyamata amene adapeza glaucoma mwa njira imeneyi.

Mtundu wina wa glaucoma, wosafala kwambiri kuno, umabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri madzulo kapena mu kamdima pamene kamwana ka diso katambasuka. Diso limapweteka koopsa, limafiira, mutu umawawa mbali imodzi, munthu amasanza, ndipo akayang'ana nyali amaona utawaleza wozungulira. Zimenezi si malungo. Fikani kuchipatala usiku womwewo.

Agogo osagona usiku

Poyendera okalamba mumamva dandaulo ili kawirikawiri: agogo amagona usana wonse, usiku n'kumayendayenda kapena kuitana ana. Pena anthu amafika powaganizira zoipa, ndipo tonse tikudziwa kumene maganizo otere amathera. Zifukwa zake ndi zambiri, koma chimodzi chili m'maso. Ng'ala imatchinga kuwala, makamaka kobiriwira kuja kumene maselo a wotchi amafuna. Glaucoma ikakula imaononganso maselo omwewo. Tsono ife, powamvera chisoni, timawasiya m'nyumba yamdima tsiku lonse kuti angagwe. Wotchi yawo imasowa choikonza, ndipo usana ndi usiku zimasakanikirana.

Atulutseni m'mawa. Akhale pakhonde kapena pansi pa mtengo dzuwa lisanapse, ngakhale ola limodzi. Phala, nsima ndi kusamba zibwere pa nthawi yofanana tsiku lililonse, chifukwa chakudya nachonso chimathandiza timawotchi ta m'thupi. Ngati ndi ng'ala, alimbikitseni za opaleshoni. Ena akachitidwa amapeza kuti ndi tulo tomwe tabwerera m'malo mwake. Munthu amene maso ake adaferatu, osasiyanitsa ngakhale usana ndi usiku, tulo take timasuntha pang'onopang'ono, mwezi uno kugona bwino, mwezi wamawa kusinthanitsa. Si mwano ndipo si misala.

Kuwala kwa usiku

Ife tidakula ndi koloboyi, amene kuwala kwake n'kofiirira ndi kochepa. Utsi wake unkatiyabwa m'maso, koma wotchi sankaisokoneza. Lero tili ndi mababu a sola oyera mbee ndi mafoni. Sindikunyoza sola, mwana amawerenga bwino, ndipo ine ndabereketsapo amayi ndi tochi yokha magetsi atazima, ndiye kufunika kwa kuwala ndikukudziwa. Koma kuwala koyera pafupi ndi nkhope usiku kumauza maselo aja kuti kudakali masana, melatonin n'kuchedwa kutuluka. Onjezani kutentha kwa kuno, kumene kumatisunga panja pamkeka mpaka pakati pa usiku, ndiye mwana wa sukulu akugona 12 koloko n'kudzuka 5 koloko. Munthu akayang'anitsitsa foni amaphethiranso mochepa, maso n'kuuma. Ola lomaliza musanagone foni ikhale patali, ndipo pogona babu lizime.

Kwa ana pali nkhani inanso. Diso la mwana likukula, ndipo kuwala kwa masana kumathandiza kuti lisatalike mopitirira. Likatalika, mwana amaona za pafupi zokha, pa bolodi osaona. Ku maiko a kum'mawa kwa Asia vutoli lidakula kwambiri, moti ku Taiwan kuyambira mu 2010 sukulu zidalimbikitsidwa kutulutsa ana panja maola awiri pa tsiku. Ana athu a kumudzi maola amenewa ali nawo kale. Amene ndimawadera nkhawa ndi a pa Boma, pa Bangula ndi pa Nchalo, amene akaweruka amangolowa m'nyumba ya kanema.

Khanda limabadwa wotchi yake isanakhazikike, ndipo zimatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti lisiyanitse usana ndi usiku. Mkaka wa m'mawere wa usiku umakhala ndi melatonin, wa masana ayi. Choncho masana khanda lione kuwala, osati kulifunditsa m'chipinda chotseka, ndipo usiku yamwitsani m'kuwala kochepa.

Nanga ife ogwira ntchito usiku, anamwino, alonda, asodzi a m'dambo la Ndindi, ndi a mashifiti ku fakitale ya shuga? Ine ndagwira usiku zaka zambiri ndipo sindingauze munthu kuti asiye ntchito yomudyetsa. Koma zikudziwika kuti kusinthanitsa usana ndi usiku kwa zaka kumawonjezera mpata wodwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo nthenda ziwirizi zimaononga timitsempha ta magazi ta mu retina mosapweteka. Mukaweruka gonani m'chipinda chamdima, pewani nsima yambiri pakati pa usiku, ndipo yezetsani shuga ndi magazi. Amene muli kale ndi shuga, maso anu aonedwe kamodzi pa chaka ngakhale mukuona bwino.

Mayi uja tidagwirizana zosavuta. Wotchi alibe, koma kwawo belu la Mngelo wa Ambuye limamveka. Likalira 6 koloko m'mawa amathira dontho asananyamule khasu, likaliranso 6 koloko madzulo amathira lachiwiri, ndipo akaiwala sabwezanso ngongole. Mdzukulu wake wa Sitandade 7 amachonga pa kalendala ya parishi. Diso lake lamanja lidaonongeka kale ndipo silidabwerere. Lamanzere likuwerengabe nambala za nyimbo m'tchalitchi. Ana ake awiri aakazi, onse opitirira zaka 40, adapita kukayezetsa nditawakakamiza kangapo, ndipo mmodzi adamuuza kuti abwererenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Wamwamuna akuti sadapezebe ya basi.